Mwini Phanga

Loweruka m'mawa ndatsika pa nayiti,
manja akadanunkha sipiliti wa m'wodi,
ndipo Gezile ali kale pageti la chipatala
ndi njinga yake yopanda mabuleki,
matochi awiri m'thumba la feteleza,
chingwe chomangira ng'ombe, botolo la thobwa.
Akuti kuseri kwa Kanjala kuli dzenje
limene sitinalowemo.

Anzathu a ku Kapata amatiseka:
anthu akuluakulu, mumafunanji m'mapanga,
kodi munatayamo ndalama?
Timangoseka nawo. Tiwauze chiyani
za mdima umene umazizira ngati mtsuko,
za chete amene umamumva m'mano?

Tadutsa amayi ophwanya miyala,
go, go, go, fumbi mpaka m'nsidze.
Tadutsa uvuni wa makala
pamene chaka chatha tinatola masuku.
Njira ya mbuzi yatha, yayamba ya mbira,
kenaka kamwa la phanga, laling'ono
ngati khomo la khola la nkhuku.

Lero okwawa ndife.
Mimba pansi, zigongono m'ndowe za mileme,
munga wa nungu wandibaya pabondo.
Tochi yapeza zala za munthu wakale pakhoma,
madontho ofiira, chinyama choyera chotambalala,
ndipo pansi pake, chokodwa pamwala,
chikopa chofundula, chouma ngati khoko la anyezi,
chotalika kuposa chingwe chathu.

Gezile wasiya kupuma.
Ine ndamva tsitsi likuyenda.

Ili apo, pakona pamene dzuwa
limalowa ndi kamng'alu masana okha:
nsato, yadzipinda ngati nkhata ya mkazi wa nkhuni,
ndipo pakati pa mapindiwo
mazira, oyera, omatana.
Sinathawe. Sinadzuke.
Lilime lokha latuluka kudzatiwerenga,
mmodzi, awiri,
labwerera.

Ndakumbuka Lozani wa pabedi lachisanu,
mphiri inamupeza akukumba nsawa ku Chiparamba,
mwendo unatupa ngati mtondo,
mayi ake akulira chamumtima m'khonde.
Usiku umenewo ndinatukwana chokwawa chilichonse,
ndinati zithe, zipse, zisatsale n'imodzi yomwe.
Ndipo sindikubweza mawu onse,
mwendo wa mwana ndi mwendo wa mwana.

Koma iyi sinabwere kumunda kwathu.
Ndife talowa m'chikuta cha mwini
ndi nsapato, ndi magetsi m'maso mwake.

Gezile wanong'ona: Odi.
Odi wochedwa, wa munthu amene wakhala kale pamphasa.
Ndikanaseka, koma kukhosi kunali mwala.

Tatuluka chafutambuyo,
monga achokera mkamwini pamaso pa apongozi,
mawondo akupepesa, tochi yoloza pansi.

Kunja kuwala kwatimenya mbama.
Chipata yense ali m'munsimo, malata akuthwanima,
malole a ku Mwami akukwawa pamseu,
ndipo nyundo zija, go, go, go,
zikumveka pafupi kuposa m'mawa.
Thobwa lafunda. Tamwa chomwecho.

Gezile akuti, anthu akanaona!
Ndati ayi, mlongo.
Ukanena lero, mawa abwera ndi zikwanje ndi petulo,
wina afuna chikopa, wina mafuta a mankhwala,
wina angofuna kuti anene kuti anapha.
Wayang'ana mapazi ake, wamanga thumba.

Potsika, amayi a miyala atifunsa:
mwapezamo chiyani, golide?
Mileme basi, tayankha, mileme ndi fungo.

Madzulo pochapa juzi
ndapeza kachidutswa ka chikopa chija
katakakamira pamkono, kopepuka,
mamba ake akuoneka bwino pa nyali.
Sindinakataye.
Kali m'buku langa la malipoti,
pakati pa tsamba la Lozani
ndi tsamba limene sindinalembepo.